Makiyi a Tionge

Mariamu ndi Yusufu, ana anga, mwakhala mukundifunsa za makiyi omangidwa pa kachingwe kofiira amene ali pansi pa sutikesi yanga, poti pakhomo pano palibe chitseko chimene amatsegula. Nthawi zonse ndimangokuyankhani kuti ndi za kuntchito. Lero ndasongola pensulo. Za ubwana wanga ndazidumpha, munazimva kale kwa azakhali anu, amenenso amathira mchere wambiri. Ndiyambira pomwe ndinayamba kugwira ntchito.

Chaka chimene Mariamu anayamba sitandade 1

Ntchito yanga yoyamba inali pa nyumba ina yogona alendo pa boma, kuseri kwa msika. Ndinkachapa zofunda ndi manja kuyambira m'mawa mpaka zala zitachita makwinya. Mwini wake anali mayi wina wolusa, wouma manja moti sopo mmodzi ankamudula panayi, n'kumaima pambali kuonerera thovu. Sindinamukonde, naye sanandikonde, koma anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene chinandilowa m'magazi. Ankati, "Fatuma, chipinda umayambira kumwamba. Waulesi amakolopa pansi n'kuthawa, koma mlendo akagona chagada amaona kudenga." Kuyambira pamenepo, ndikalowa m'nyumba ya munthu aliyense maso anga amathamangira m'makona a kumwamba. Ndiye mukamaona ndikuyang'ana kudenga kwanu musamati ndikunyoza azipongozi anga, ndi matenda a ntchito.

Chaka chimene bambo anu anamwalira

Titatha maliro ndinamva kuti a Mwale, mkulu wina wopuma ntchito m'boma, amanga nyumba zitatu za alendo m'mphepete mwa nyanja kufupi ndi Chia, ndipo akufuna wokonza m'zipinda. Ndinapita wapansi. Anandipatsa tsache n'kundilowetsa m'chipinda, iwo n'kuima pakhomo. Ataona kuti ndayambira kudenga anaseka n'kunena kuti, "Mubwere mawa."

Pamenepo ndinakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Alendo ankabwera pa banja, kukhala masiku awiri kapena sabata, kudziphikira okha, kenako n'kubwerera kumatauni kwawo. Mavuto analipo osati masewera. Magetsi akathima pampu inkaima, ndiye ine ndinkasenza madzi pamutu kuchokera kunyanja kudzaza mabafa atatu. Mafuta akasowa, galimoto yobweretsa katundu sinkabwera, tinkasita zofunda ndi simbi ya makala, kusamala kuti phulusa lisagwere pa nsalu yoyera. Nthawi ya nkhungu, tizilombo ta panyanja tija timabwera ngati utsi, tinkasesa katatu pa tsiku. A Mwale makiyi ankayenda nawo m'thumba mwawo, koma kangapo konse anandiuza kuti, "Amake Mariamu, ndikadzatopa, makiyiwa ndi anu. Malo ano mumawadziwa kuposa ine." Mawu amenewo ndinawasunga ngati mbewu.

Nthawi yomweyo panali mlendo wina amene ankabwera chaka chilichonse, mayi wa ku Blantyre, wamtali, wovala magalasi. Ulendo wake woyamba ndinamupeza masana atatseka makatani onse, akuunika ndi tochi ya pa foni pa magalasi, m'masoketi, ngakhale pa wailesi. Ndinapsa mtima, ndinkayesa akufuna fumbi.

"Mayi, ngati simunakhutire ndikonzenso," ndinatero.

"Ayi, mayi anga, m'nyumba ndi moyera," anatero iye akuseka. "Ndikuyang'ana makamera. Masiku ano anthu oipa amabisa tikamera m'zipinda za alendo kuti azijambula anthu akuvula. Mukachititsa mdima n'kuunika, kagalasi kake kamanyezimira."

Ndinangoti anthu a m'tauni ali ndi nthawi yotaya, n'kutuluka ndi ndowa yanga.

Chaka chimene Yusufu anakwatira

A Mwale anamwalira asanatope. Malo anatenga mwana wawo wamwamuna wa ku Lilongwe, amene tinkamutchula kuti bwana wamng'ono ngakhale anali ndi mimba yoposa ya bambo ake. Iyeyo anaika nyumba zija pa intaneti, alendo n'kumalipira pa foni tisanawaone nkhope. Anati pakufunika munthu wodziwa Chingerezi ndi foni, ndiye anabweretsa Tionge.

Tionge anali mtsikana wa ku Dwangwa, makolo ake ochokera kumpoto, wa zaka ngati za Mariamu. Anali wokongola, ndisaname, ndipo ndi chimenecho choyamba chimene ndinadana nacho. Chachiwiri, anali waulemu. Munthu ukufuna kumuda, iye akukugwadira, "Mwadzuka bwanji amake Mariamu," umasowa pogwira. Ndinamuphunzitsa ndine kuyala bedi, kupinda mathaulo, kuchotsa dzimbiri pa mpope ndi ndimu. Patangotha miyezi inayi bwana wamng'ono anatiitana tonse, ine, mlonda ndi wa m'maluwa, n'kutulutsa makiyi a bambo ake aja n'kuwaika m'manja mwa Tionge. Anati kuyambira lero woyang'anira ndi uyu.

Ha! Ana inu, nsanje imapweteka ngati dzino. Zaka zonse zija ndikusenza madzi, makiyi n'kupita kwa kamwana koti dzulodzuloli kamayala zofunda mozondotsa! Iye anawamanga pa kachingwe kofiira n'kumawavala m'chiuno. Akamayenda ankalira ngwe ngwe ngwe, ndipo ine ndinkawamva ngakhale ndili kuseri kochapira. Ndinkapita kumzikiti Lachisanu, kupempha kuti mtima wanga uyere, Loweruka m'mawa ndikangomva ngwe ngwe uja zonse zabwerera.

Kenako bwana anakonzetsa nyumba yachitatu. Anaikamo matailosi, sola yakeyake kuti magetsi asamathime, ndi madzi otentha a pampope. Tsiku lina anafika ndi katoni, Tionge atapita pa boma kukagula sopo. Anandiitana kuti ndigwire mpando. M'katonimo munali wotchi ya pakhoma, yakuda, yokhala ndi chingwe cholowa ku magetsi. Anakwera pampando n'kuyamba kukhoma msomali pakhoma loyang'anana ndi bedi, mbali ya chitseko cha kubafa.

"Bwana, apa mlendo akakhala pabalaza saiona. Bwanji khoma ilo?" ndinafunsa.

"Mayi, ndati mugwire mpando," anayankha.

Atamaliza anaponya katoni ija kudzala. Ine mumandidziwa, sinditaya kanthu. Ndinaitola n'kupita nayo kunyumba, chifukwa nkhuku yanga yamawangamawanga inali itayamba kuikira mazira pansi pa bedi.

Madzulo ake analengeza lamulo. M'nyumba yachitatu muzikonza Tionge yekha, ndipo pakakhala kuti mulibe alendo azigona momwemo ndi kusamba momwemo, poti kwawo n'kutali, komanso nyumba yosagonamo munthu imanunkha chinyezi. Apa ndiye ndinatheratu. Ine ndikusamba madzi ozizira a m'ndowa kuseri kwa mpanda wa udzu, mwana uyu akutuluka m'bafa la matailosi, nthunzi ili tolo, akununkhira sopo wa alendo! Ndinayamba kulankhula. Kwa mlonda, kwa amayi ogulitsa mpunga pamsewu, ndinkangoponya mawu akuti, "Makiyi sabwera okha, pali chimene amapereka." Umboni ndinalibe ngakhale pang'ono. Koma Tionge, sopo wa alendo akatsala, ankandikulungira m'pepala kuti ndikagwiritse ntchito kunyumba, ine n'kumalandira.

Chaka chotsatira, nyengo ya nkhungu

Agogo ake a Tionge anamwalira ku Dwangwa, ndipo popita kumaliro anandisiyira makiyi. Masiku anayi ndinawavala m'chiuno, ndipo ndisabise, ndinkayenda mochita kudzigwedeza kuti alire.

Nkhungu zinali zitagwa sabata imeneyo. Nditalowa m'nyumba yachitatu ndinayambira kumwamba monga mwa nthawi zonse. Makona anali oyera, mtsikanayo ndinamuphunzitsa bwino, koma pa wotchi paja panali ukonde wa kangaude wodzaza nkhungu. Ndinachotsa. Mawa lake ukonde wabwerera pomwepo. Ndinachotsanso. Tsiku lachitatu ulipo, pomwe m'chipinda monse mulibe wina. Kangaude si chitsiru, amatchera pomwe tizilombo timasonkhana, ndipo nkhungu zimatsata kuwala. Nanga pa wotchi yakuda zikufunapo chiyani? Ndinakwera pampando n'kuigwira kumbuyo. Inali yofunda ngati dzira longoikiridwa kumene. Wotchi yanji yotentha thupi?

Pamenepo ndinakumbukira mayi wa ku Blantyre uja. Dzuwa lili pamutu ndinatseka makatani onse ndi chitseko, n'kuyatsa tochi ya kafoni kanga kamabatani. Ndinaunika pang'onopang'ono kuzungulira manambala. Pansi pa 6 panali kabowo kochepa ngati njere ya mpiru, ndipo kanandibwezera kuwala, ng'aa, ngati diso la nsomba. Nditafika kunyumba ndinanyamula nkhuku, iyo ikundijompha, n'kuyang'ana m'mbali mwa katoni ija. Panali chithunzi cha wotchi, kenako cha foni, ndipo mu foniyo munali chithunzi cha chipinda. Miyezi yonseyo ndinkangoyesa zokongoletsa.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene mayi wanu analakwa. Tionge anabwera madzulo a tsiku lachinayi, atatopa, fumbi lili mbuu. Anandigwadira, ine n'kumupepesa za maliro. Anatambasula dzanja, ndinamasula kachingwe kaja n'kumupatsa.

"Zonse zili bwino, amake Mariamu?" anafunsa.

"Zonse zili bwino," ndinatero.

"Ndiye ndikasambe kaye, thupi lonse likuwawa."

Ndinamuyang'ana akupita, makiyi akulira, mpaka anatseka chitseko cha nyumba yachitatu. Pakamwa panga panali mawu, koma ndinawameza. Mumtima ndinkadziuza kuti mwina akudziwa kale, si ndi wa bwana yemweyo? Ndinkadziuzanso kuti ndikayankhula ntchito itha, nanga pa msinkhu wangawu ndikalowera kuti? Koma chenicheni, chimene sindinauzepo munthu, n'chakuti kamtima kena kanasangalala. Kankati: asambe, si amafuna madzi otentha? Astaghfirullah, Mulungu andikhululukire. Masabata atatu ndinakhala chete. M'masabata amenewo m'nyumbamo munagona banja lina la alendo masiku awiri, anthu osalakwa, ndipo masiku ena onsewo munkagona Tionge. M'mawa uliwonse ankandipatsa moni, ine n'kumayankha.

Sabata yachinayi kunabwera mayi wa ku Blantyre uja, ndipo ulendo uno anasankha nyumba yachitatu ija. Sipanathe ola limodzi. Ndinangomva kukuwa, kenako ndinamuona atatuluka wotchi ili m'manja, chingwe chikulendewera. Apolisi anabwera masana omwewo. Anafunsa kuti amasunga makiyi ndani, amakonza m'menemo ndani, amagonamo ndani. Yankho linali limodzi. Atamuimbira bwana wamng'ono, iye anati wotchi imeneyo sakuidziwa, zogula za m'nyumba zonse amagula ndi woyang'anira. Mlonda naye, pofuna kuthandiza, anawonjezera kuti mtsikanayo khalidwe lake anthu amalikayikira kale. Anali mawu anga omwe, atazungulira n'kubwerera. Tionge anakwera galimoto ya apolisi akungoti, "Ine sindikudziwa, ndinaipeza ili pakhoma." Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana tsache.

M'mawa mwake bwana anafika kuchokera ku Lilongwe. Sanatsike m'galimoto, anangotsitsa galasi n'kundikodola.

"Mayi, bambo anga ankakukondani kwambiri. Ine ndinalakwitsa kupatsa mwana udindo wa akulu. Kuyambira Lolemba woyang'anira ndinu."

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikudikira mawu amenewo, ndipo ngakhale pamenepo mtima unadumpha ndi chimwemwe. Mwaona nsanje mmene ilili?

"Nanga Tionge?" ndinafunsa.

"Za Tionge zisiyeni, atuluka, nkhani zotere zimazizira." Kenako anamwetulira. "Ndinakuonanitu tsiku lija, mutakwera pampando ndi katochi kanu. Ndinadikira kuti muimba foni kapena muuza munthu, koma zii. Ndinati mayi awa ndi anzeru. Ndiye mukafuna kuyankhula, mukumbukire kuti mudzafunsidwa chifukwa chimene munakhalira chete."

Galimoto inachoka, ine n'kutsala chiimire. Nthawi yonseyo ndinkayesa kuti tchimo langa likudziwika kwa Mulungu yekha, osadziwa kuti nalonso linajambulidwa. Ndipo mawu akuti "mayi awa ndi anzeru" anandinyansa kuposa kutukwanidwa. Munthu amene ankaonerera mwana wa eni ake akusamba anandiyesa mnzake, ndipo sanalakwitse.

Ndinapita kunyumba, ndinachotsa nkhuku ndi anapiye ake, n'kukutumula katoni ija. Inali ndi zitosi ndi nthenga, koma pamwamba pake panali pakadali pepala lomatidwa, lolembedwa dzina la bwana wamng'ono ndi nambala yake ya foni, mmene amalembera katundu wotumizidwa. Ndinaikulunga m'chitenje, ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi ya pa boma. Njira yonse ndinkakonza bodza laling'ono. Ndinkati ndikanena za mpando ndi katoni, zimenezo n'zokwanira, ndipo akandifunsa zina ndidzati ndadziwa dzulo ngati wina aliyense.

Ku polisi anandilandira mayi wina wapolisi, wodekha. Anatsegula chitenje, anatseka mphuno, kenako anawerenga pepala lija kawiri. Anatuma kuti abweretse Tionge. Analowa wopanda nsapato, maso otupa, atavala zomwezo za dzulo. Atandiona analira, "Amake Mariamu, mwabwera!" Ndinafotokoza zonse: tsiku limene wotchi inabwera, amene anakhoma msomali, amene anagwira mpando, ndi kumene Tionge anali. Wapolisi analemba. Kenako anakweza mutu.

"Inuyo mayi, munadziwa liti kuti muli kamera?"

Bodza lija linali pa lilime, lokonzeka. Koma ndinaona kuti ndikanama pamenepa, bwana adzatulutsa chithunzi changa ndili pampando, ndipo zonse zimene ndanena zidzasanduka za munthu wabodza, Tionge n'kubwerera m'chitokosi. Ndinayang'ana mapazi ake opanda nsapato aja.

"Papita masabata atatu," ndinatero. "Ndinadziwa Tionge ali kumaliro."

Tionge anasiya kulira.

"Masabata atatu?" anafunsa motsitsa mawu. "Tsiku ndinabwera kumaliro lija, munali mukudziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndinakuuzani kuti ndikukasamba."

"Unandiuza."

"Ndinakulakwirani chiyani, amake Mariamu?"

Ndinafufuza mumtima mwanga monse, kuyambira kumwamba mpaka pansi, osapeza kanthu. "Palibe, mwana wanga," ndinatero. "Makiyi basi."

Anamutulutsa tsiku lomwelo. Mlandu wa bwana wamng'ono unapita kukhoti, ine ndinakaperekanso umboni kumeneko pamaso pa anthu, ndipo zimene munamva nthawi imeneyo zoti mayi wanu anapulumutsa mtsikana zinali theka chabe la nkhani. Nyumba zija anazitseka, pano mwamera thengo. Umo ndi mmene ndinapumira ntchito, popanda phwando, popanda chitenje cha mphatso.

Tionge pano akuyang'anira malo aakulu ogona alendo kufupi ndi Bua. Ndimamva kuti wantchito aliyense watsopano amamutengera m'chipinda, kutseka makatani, kumuonetsa kaunikidwe ka tochi, n'kumuuza kuti chipinda umayambira kumwamba. Akuti anagula ndi galimoto. Nditamva zimenezo dzino lija linandigwiranso pang'ono, ndisakunamizeni, matendawa satheratu. Tinakumanapo kawiri pa msika wa pa boma. Amandipatsa moni waulemu ngati kale, koma sagwada, ndipo saima.

Za makiyi, zinali chonchi. Tikutuluka ku polisi tsiku lija, anamubwezera katundu wake m'kajumbo: foni, nsapato, ndi makiyi a pa kachingwe kofiira. Anavala nsapato ali chiimire. Ine ndinali pambali, chitenje chonunkha nkhuku chili m'khwapa, ndikufuna kupepesa koma osadziwa poyambira. Iye anabwera, anagwira dzanja langa, analitambasula, n'kuikamo makiyi aja. Kenako anapinda zala zanga chimodzichimodzi kuti ndiwagwire bwino.

"Si awa mumafuna?" anatero. "Mukanangondipempha."

Anawoloka msewu kukakwera minibasi ya ku Dwangwa osacheuka. Ndinawafumbata zolimba njira yonse yobwerera kunyumba, kuopa kuti angalire.